Kuwerenga Masitepe a Phazi Losamva Ululu: Mafunso ndi Mayankho a Odwala Shuga mu Mzinda wa Lilongwe

Matenda a shuga akakhalitsa m'thupi amawononga maso, impso ndi mtima, koma phazi amaliwononga mobisika kuposa ziwalo zina zonse, popeza choyamba chimene amalilanda ndi ululu, womwe ukanachenjeza mwini wake kuti zinthu zayamba kulakwika. Mafunso otsatirawa akukhudza mbali imodzi yokha ya chisamaliro cha mapazi, yomwe ndi kuyeza ndi kulemba kuchuluka kwa kuyenda ndi kuimirira kwa wodwala tsiku ndi tsiku, ndipo mayankho ake akonzedwa poganizira moyo wa anthu okhala kapena ogwira ntchito ku Old Town, ku City Centre ndi kumayadi monga ku Area 3, 9, 10, 12 ndi 43.

Kodi matenda a shuga amafika bwanji podulitsa munthu mwendo?

Chimene chimadulitsa mwendo kawirikawiri ndi chilonda chokana kupola, ndipo akatswiri amawerengera kuti mwa odwala shuga 100 alionse amene adulidwa mwendo kapena chala, pafupifupi 85 amakhala kuti anayamba ndi chilonda cha kuphazi. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka zambiri amafoola mitsempha yonyamula mauthenga pakati pa khungu ndi ubongo, kuyambira kunsonga kwa zala n'kumakwera pang'onopang'ono kulowera ku akakolo, vuto limene madokotala amalitcha neuropathy. Poyamba wodwala amamva kuyaka ndi kubayabaya, makamaka usiku, koma m'kupita kwa nthawi phazi limachita dzanzi losatha, osamvanso kutentha, kuzizira ngakhale kamwala kolowa mu nsapato. Kuwonongeka komweku kumaumitsa khungu chifukwa thukuta limasiya kutuluka, mwakuti zikang'a zimachuluka, komanso kumafoola timinofu ta m'phazi mpaka zala kupindika, zomwe zimachititsa kuti thupi lonse lizitsamira pa malo ochepa kunsi kwa phazi. Kwa odwala ena mitsempha ya magazi nayo imachepa mpata, makamaka ngati amasuta fodya kapena ali ndi BP, ndipo chilonda chosalandira magazi okwanira sichipola msanga. Tizilombo tikalowamo n'kufika pa fupa, kapena mnofu ukafa n'kuda, dokotala wa opaleshoni amatsala ndi njira zochepa kwambiri.

Nkhani imene David Armstrong, Andrew Boulton ndi Sicco Bus analemba mu 2017 m'magazini ya New England Journal of Medicine inawerengera kuti pakati pa 19 ndi 34 mwa odwala shuga 100 alionse amadzakhala ndi chilonda cha kuphazi pa nthawi ina ya moyo wawo. Ku Malawi kuno, kafukufuku wa odwala 620 a ku kiliniki ya shuga pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2010, anapeza kuti pafupifupi theka la odwalawo linali kale ndi zizindikiro za neuropathy.

Nanga kuyenda kumabweretsa bwanji chilonda ngati munthu sanaponde msomali kapena minga?

Yankho la funsoli linachokera ku matenda a khate. Paul Brand, dokotala wa opaleshoni wa ku Britain amene anagwira ntchito ku Vellore m'dziko la India, kenako ku Carville m'chigawo cha Louisiana ku America, anaonetsa kuti zala ndi mapazi a odwala khate sizinkangowola zokha monga anthu ankaganizira, koma zinkatha chifukwa chovulala mobwerezabwereza mwini wake asakumva. Iye anasonyezanso kuti sipafunika chinthu chakuthwa kuti khungu libooke, pakuti kulemera kwa thupi kokha, kukamagwera pa malo amodzimodzi kambirimbiri popanda mpata wopuma, kumatupitsa mnofu wa pansi pa khungu mpaka kuuphwanya. Munthu wa phazi lakumva amadziteteza osadziwa n'komwe: malo ena akayamba kuwawa amasintha mapondedwe, amatsimphina pang'ono, amamasula zingwe za nsapato kapena amakhala pansi, pamene munthu wa neuropathy amaponda sitepe ya 5,000 mofanana ndendende ndi mmene anapondera yoyamba.

Chilonda chotere chimayamba ndi kutentha ndi kutupa pang'ono kwa malo opanikizikawo, ndipo kufiira kumene mabuku a ku Ulaya amatchula sikuoneka bwino pa khungu lakuda, choncho chofunika kuyang'ana ndi kuderapo, kunyezimira ndi kufunda kwa malowo. Kenako khungu limakhuthala n'kuuma, ndipo khungu lolimbalo limayamba kukanikiza mnofu wofewa umene uli pansi pake mpaka magazi kutulukira m'kati. Ambiri amazindikira kuti pali chilonda ataona magazi kapena mafinya pa sokosi.

Ngati ndi choncho, bwanji odwala sangolangizidwa kuti azikhala pansi?

Kwa zaka zambiri malangizo anali omwewo, akuti wodwala neuropathy apewe masewera olimbitsa thupi opondetsa phazi pansi, koma pamene ofufuza anayamba kumangirira odwala tizipangizo towerenga masitepe, zimene anapeza zinatsutsa maganizowo. Mu 2008 Joseph LeMaster ndi anzake a ku University of Missouri anafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa Feet First, momwe odwala 79 a neuropathy anagawidwa m'magulu awiri, gulu lina n'kulimbikitsidwa kuwonjezera kuyenda pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu, ndipo zilonda sizinachuluke m'gulu loyendalo poyerekeza ndi linzake. Zaka zinayi izi zisanachitike, mu 2004, Armstrong ndi anzake anali atatsatira odwala 100 a mapazi okhala pachiopsezo, mwa iwo 8 n'kudzatuluka zilonda, ndipo chodabwitsa chinali chakuti anthu 8 amenewa ankayenda pang'ono kuposa anzawo. Chimene chinawasiyanitsa chinali kusinthasintha kwa kayendedwe kawo, pakuti ankakhala masiku angapo osayenda kwenikweni, kenako n'kuyenda mtunda waukulu tsiku limodzi.

Chiwerengero cha anthu m'kafukufukuyu chinali chochepa, koma zotsatira zake zikugwirizana ndi mmene mnofu umachitira. Munthu amene wagwira khasu koyamba patapita chaka amatuluka matuza tsiku lomwelo, pamene amene amalima tsiku lililonse manja ake amapirira mpini womwewo, ndipo phazi nalo limalimba kapena kufooka molingana ndi ntchito imene lazolowera. Kukhala pansi kumafooketsa khungu ndi minofu, kumakweza shuga ndi BP, kumanenepetsa thupi, ndipo kumasiya phazi losakonzeka pa tsiku limene mwini wake adzakakamizike kuyenda. Cholinga chowerenga masitepe, tsono, si kupikisana kuti nambala ikule, koma kuona ngati masiku akufanana, ndi kugwira msanga tsiku limene lapitirira muyeso.

Kodi mamangidwe a mzinda wa Lilongwe ali ndi gawo lanji pa nkhaniyi?

Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo okonza mapulani ake anayala mzindawu motayana, maofesi a boma ku Capital Hill ndi mabanki ku City Centre n'kumangidwa makilomita angapo kuchokera ku Old Town, pakati pake n'kusiya nkhalango ndi mtsinje wa Lingadzi. Mzinda wotero umagawa anthu pawiri pa nkhani ya kuyenda. Wogwira ntchito mu ofesi wokhala ku Area 10 kapena ku Area 43 amatuluka pakhomo n'kulowa m'galimoto, mlonda n'kumutsegulira geti, ndipo akafika kuntchito amakhala pampando mpaka madzulo, mwakuti masitepe ake a tsiku lonse amathera m'khonde la ofesi ndi m'nyumba. Koma mlonda womutsegulira getiyo, wogwira ntchito za m'nyumba ndi wosamalira maluwa amakhala atayenda wapansi kuchokera ku Kauma kapena ku Mtandire, ndipo wogulitsa malonda mu msewu wa Malangalanga, mu msika waukulu kapena ku Tsoka amakhala chiimire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Onsewa angathe kudwala shuga, koma chiopsezo cha mapazi awo n'chosiyana: woyambayo amavulazidwa ndi tsiku losazolowereka, pamene enawo amavulazidwa ndi ntchito yosapumira ndi nsapato zakutha.

Kafukufuku wa bungwe la Malawi Epidemiology and Intervention Research Unit, amene anachitika ku Area 25 mu Lilongwe ndi ku Karonga n'kusindikizidwa mu 2018, anapeza kuti pafupifupi 3 mwa akuluakulu 100 alionse a mu mzinda anali ndi matenda a shuga, ndipo 44 mwa amayi 100 alionse a mu mzinda anali onenepa kupitirira muyeso. Kunenepaku kukukhudza phazi mwachindunji, chifukwa sitepe iliyonse ya munthu wolemera imakanikiza khungu kwambiri.

Kodi wodwala angadziwe bwanji kukula kwa chiopsezo cha phazi lake?

Kuwerenga masitepe kulibe tanthauzo ngati phazi silinayezedwe, popeza masitepe 6,000 amene ali abwino kwa munthu wina angathe kudulitsa mnzake. Gulu la akatswiri la International Working Group on the Diabetic Foot, lodziwika mwachidule kuti IWGDF, limagawa odwala m'magulu anayi. Gulu 0 ndi la amene phazi lawo likumva bwino ndipo magazi akuyenda bwino, omwe amayezedwa kamodzi pa chaka. Gulu 1 ndi la amene ali ndi vuto limodzi mwa awiriwa, omwe amayezedwa pa miyezi 6 mpaka 12 iliyonse. Gulu 2 ndi la amene ali ndi mavuto onse awiri, kapena vuto limodzi pamodzi ndi kupindika kwa phazi, omwe amayezedwa pa miyezi 3 mpaka 6. Ndipo gulu 3 ndi la amene, kuwonjezera pa limodzi mwa mavutowa, anakhalapo ndi chilonda, anadulidwapo, kapena impso zawo zinasiya kugwira ntchito monga amene amasefedwa magazi pa makina a dialysis pa chipatala cha Kamuzu Central, omwe amafunika kuonedwa mwezi uliwonse kapena pasanathe miyezi 3.

Poyeza kumva kwa phazi, azaumoyo amagwiritsa ntchito monofilament, kaulusi ka nayiloni kamene kamapindika kakakanikizidwa ndi mphamvu ya magalamu 10. Kumene kaulusika kulibe, pali njira yotchedwa Ipswich Touch Test, yomwe wachibale angathenso kuchita pakhomo: wodwala amatsinzina, woyezayo n'kukhudza pang'ono ndi nsonga ya chala chake, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, chala choyamba, chachitatu ndi chachisanu cha phazi lililonse, ndipo ngati wodwala sanamve pa zala ziwiri kapena kuposerapo mwa zala 6 zimenezi, ndiye kuti phazi lataya chitetezo chake. Ku Malawi n'kofunikanso kukumbukira kuti si shuga yekha amene amawononga mitsempha imeneyi. Mankhwala a stavudine, omwe anali m'gulu la ma ARV operekedwa kwa anthu ambiri mpaka cha m'ma 2013, anasiya ambiri ndi dzanzi la kumapazi, ndipo mankhwala a TB a isoniazid komanso mowa wambiri zimachita chimodzimodzi, kotero kuti munthu angathe kukhala ndi phazi losamva ngakhale shuga wamupeza chaka chatha chomwechi.

Kodi masitepe amawerengedwa ndi chiyani, ndipo zipangizozo n'zodalirika motani?

Chipangizo chakale ndi pedometer, kabokosi kopachika palamba kamene kamawerenga kugwedezeka kwa chiuno, koma masiku ano pafupifupi foni iliyonse yamakono ili ndi kachipangizo kotchedwa accelerometer, koyeza kusuntha kwa foniyo, ndipo mapulogalamu monga Samsung Health kapena Health ya pa iPhone amasandutsa kusunthako kukhala chiwerengero cha masitepe popanda kufuna bandulo ya intaneti. Palinso mawotchi a pamkono ochita ntchito yomweyo.

Chilichonse mwa izi chimalakwitsa mwa njira yake. Foni imawerenga pokhapokha ikakhala pathupi, ndipo panyumba, pomwe imasiyidwa patebulo kapena pa chaja, masitepe ambiri amatayika. Mayi wovala chitenje ndi diresi lopanda thumba amatayanso ochuluka kuposa bambo wa thalauza. Wotchi ya pamkono imatha kuwonjezera masitepe abodza munthu akamachapa, akamasesa kapena akamavundula nsima, n'kuphonya enieni pamene dzanja lagwira wilibala, ndodo kapena trolley ya mu sitolo. Kabaza wa njinga yamoto pa msewu wa mabampu amathanso kusokoneza chiwerengero, ndipo zipangizo zambiri zimaphonya masitepe a munthu woyenda pang'onopang'ono mokhwekhwereza mapazi, yemwenso ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Ofufuza amakonda chipangizo chomangirira pa akakolo chifukwa ndicho cholondola kwambiri. Komabe, popeza chofunika ndi kuyerekeza tsiku ndi linzake, chipangizo cholakwitsa mofanana tsiku lililonse chimathandizabe, malinga ngati chikuvalidwa pa malo amodzimodzi kuyambira podzuka mpaka pogona.

Amene alibe foni yotere sanatsalire kwenikweni. Kope la sukulu lolembamo tsiku, kumene munthu anapita, mphindi zimene anayenda, maola amene anaima, nsapato imene anavala ndi mmene phazi linaonekera madzulo limapereka chithunzi chokwanira kuposa nambala yokha ya pa foni, ndipo ngakhale mwini wotchi yodula amafunikabe kope lotere. Poyerekeza, munthu woyenda mwachizolowezi amaponda masitepe pafupifupi 1,000 pa mphindi 10.

Nanga munthu amene sayenda kwambiri koma amakhala chiimire?

Apa ndi pamene chowerengera masitepe chimanamiza kwambiri. Mu 2010 Bijan Najafi ndi anzake anayeza odwala neuropathy ndi chipangizo chosiyanitsa kukhala, kugona, kuima ndi kuyenda, ndipo anapeza kuti nthawi imene odwalawo ankaima inali yochuluka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi imene ankayenda. Poima, khungu la kunsi kwa phazi limakanikizika mosalekeza ndipo magazi amavutika kufikako. Mphunzitsi, wometa, wophika, wogulitsa mafuta a galimoto ndi mlonda angathe kuona masitepe 2,000 okha pa foni pamene phazi lasenza thupi kwa maola 8, choncho maola oimirira ayenera kulembedwa paokha, ndipo mpando pa malo a ntchito uyenera kuonedwa ngati mbali ya chithandizo.

Kodi masitepe oyenera pa tsiku ndi angati?

Palibe nambala imodzi yoyenera aliyense. Chiwerengero chotchuka cha 10,000 sichinachokere kwa madokotala a shuga, koma ku dzina la pedometer yotchedwa Manpo-kei imene kampani ya Yamasa inayamba kugulitsa ku Japan mu 1965, ndipo pulogalamu ya pa foni ikamalimbikitsa munthu wa phazi losamva kuti afike pamenepo, imakhala ikumukankhira ku ngozi. Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kugwiritsa ntchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, koma silinena kuti zonsezo zichitike poyenda, pakuti kupalasa njinga, kusambira ndi masewera ochita chokhala pampando zimawerengedwanso ndipo sizikanikiza phazi kwambiri.

Malangizo a IWGDF a 2019, omwe anabwerezedwa mu 2023, akuti odwala a gulu 1 ndi 2 angathe kuwonjezera masitepe pafupifupi 1,000 pa tsiku pamwamba pa amene amayenda kale popanda kuchulukitsa chiopsezo cha chilonda, malinga ngati avala nsapato zoyenera ndipo akuyang'ana mapazi kawirikawiri. Njira yanzeru ndi yoyamba kuwerenga kwa sabata imodzi kapena ziwiri osasintha kanthu, kuti padziwike mulingo weniweni wa munthuyo, kenako n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse mpaka 1,000 yo itakwana. Kuyenda mphindi 20 tsiku lililonse mozungulira dera kumaposa kukhala pansi masiku asanu n'kukazungulira Lilongwe Golf Club yonse Loweruka. Odwala a gulu 3 sayenera kuwonjezera kuyenda asanakambirane ndi owasamalira kuchipatala. Amene amamwa glibenclamide kapena kubaya insulin ayeneranso kudziwa kuti kuyenda kwambiri kungatsitse shuga mopitirira, zomwe zimadziwika ndi kunjenjemera, thukuta, njala ndi chizungulire, motero ayenera kuyenda atatenga masiwiti kapena shuga m'thumba.

Kodi masiku oopsa kwambiri ndi ati?

Ndi masiku amene munthu sangawakane. Maliro ndiwo oyamba, chifukwa munthu wozolowera galimoto ndi matayilosi amapezeka kumudzi atachezera usiku, ataima nthawi yaitali pa mwambo, kenako n'kuyenda wapansi kupita kumanda pa njira ya miyala ndi zitsotso, kawirikawiri atavala nsapato zakuda zothina zimene savala masiku onse. Ukwati ndi chinkhoswe zimabwera ndi nsapato zatsopano komanso maola ovina pa perekaniperekani. Palinso Njira ya Mtanda pa Lachisanu Loyera, maulendo a ndawala osonkhetsa ndalama, mzere wa ku banki kumapeto kwa mwezi, tsiku limene galimoto yafa kapena mafuta asowa, ndi masabata oyamba a dzinja pamene ogwira ntchito m'tauni amathamangira kumunda atavala majombo opanda sokosi. Nyengo nayo ili ndi misampha yake: mu Okutobala ndi Novembala phula, simenti ndi mchenga zimawotcha phazi losavala, ndipo mu Juni ndi Julayi mbaula ndi botolo la madzi otentha zimapsereza phazi la munthu amene akuti akuwotha.

Kulangiza Mmalawi kuti asapite kumaliro n'kutaya nthawi, ndipo malangizo abwino ndi amene amavomereza kuti adzapita. Chotheka ndi kukonzekera: kuvala nsapato zozolowereka ngakhale sizikugwirizana ndi suti, kutenga sokosi zosinthira, kupempha mpando popanda manyazi, kukwera galimoto yopita kumanda ngati ilipo, kuvula nsapato masana kuti phazi lionedwe, ndiponso kuchepetsa kuyenda kwa masiku awiri otsatira. Ngati kope likuonetsa kuti masitepe a tsiku lina aposa a masiku onse kuwirikiza kawiri, phazi liyenera kuyang'anidwa mosamala m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, pogwiritsa ntchito galasi loonera kapena maso a wachibale, chifukwa chilonda sichimatuluka tsiku lomwelo nthawi zonse.

Kodi nsapato zikulowa bwanji m'chiwerengerochi?

Sitepe yopondedwa mu nsapato yabwino ndi yopondedwa chosavala sizifanana, ngakhale foni imaziwerenga mofanana. Kafukufuku wa ku Netherlands wa 2013, wa Roelof Waaijman ndi anzake, anapeza kuti odwala amene anapatsidwa nsapato zowasokera mwapadera ankayenda masitepe ambiri panyumba kuposa kunja, komabe panyumbapo ndi pamene ankazivala mocheperapo. Khalidweli n'lodziwika ku Lilongwe, kumene ambiri amavula nsapato pakhomo n'kumayenda pa matayilosi kapena pa simenti chosavala, kapena ndi patapata amene lamba wake amakhula pakati pa zala. Wodwala wa phazi losamva amafunika nsapato ya m'nyumba yotseka, yotakasuka kutsogolo ndi yofewa m'kati, ndipo amene amavula polowa mu mzikiti angathe kuvala sokosi zokhuthala n'kupewa kuyenda pabwalo lotentha.

Nsapato za pa kaunjika si zoipa mwa izo zokha, ndipo zambiri zothamangira zimene zimagulitsidwa ku Tsoka zimaposa nsapato zosongoka za mu sitolo, koma munthu wa neuropathy sangadalire kumva kwake poyesa, popeza amakonda kusankha yothina chifukwa ndi imene amaimva kuti yamugwira. Ndi bwino kugula madzulo phazi litatupa, kujambula phazi pa katoni ataima n'kulowetsa chidutswacho mu nsapato kuti aone ngati chikupindika, kupisa dzanja m'kati kufufuza msoko kapena msomali, ndi kuivala ola limodzi kapena awiri okha pa masiku oyamba.

Kodi kuyeza kutentha kwa phazi kumathandiza chiyani?

Mnofu wovulala umafunda khungu lisanabooke, ndipo kafukufuku wa Lawrence Lavery ndi anzake ku America anaonetsa kuti odwala amene ankayeza kutentha kwa mapazi awo tsiku lililonse, n'kumachepetsa kuyenda akaona kusiyana, ankatuluka zilonda zochepa. Muyeso umene IWGDF imapereka ndi wakuti malo ena a phazi akatentha kuposa malo omwewo a phazi linalo ndi madigiri 2.2 a Celsius kwa masiku awiri otsatizana, wodwala achepetse kuyenda ndipo akaonane ndi azaumoyo. Zoyezera kutentha zolozetsa pamphumi, zimene zinachuluka pa nthawi ya Covid-19, zimathandiza pokhapokha ngati zili ndi batani loyezera kutentha kwa pamwamba pa chinthu.

Nanga ngati chilonda chilipo kale?

Pamenepa cholinga chimatembenuka, ndipo nambala yofunika imakhala ya masitepe amene chilonda chapondedwa, yomwe iyenera kuchepa kwambiri. Mankhwala opaka ndi mabandeji sangapoletse chilonda cha kunsi kwa phazi chimene chikupondedwa tsiku lililonse. Njira yodalirika kwambiri ndi chikhakha chokuta phazi ndi mwendo mpaka kunsi kwa bondo, chotchedwa total contact cast, chimene chimagawa kulemera kwa thupi pa mwendo wonse, ndipo ubwino wake wina ndi wakuti wodwala sangachivule. Mu 2003 Armstrong ndi anzake anabisa chowerengera masitepe mu jombo yochotseka yotetezera chilonda, china n'kuchipachika m'chiuno mwa wodwala, ndipo anapeza kuti odwala 20 amene anayezedwa anavala jomboyo pa masitepe 28 okha mwa 100 alionse. Dziko la Malawi lakhala likuphunzitsa ma orthopaedic clinical officer, omwe ndi akatswiri a mafupa odziwa kuika zikhakha, kuyambira mu 1985, choncho luso loyambira lilipo, ngakhale chikhakha cha phazi losamva chimafuna kusamala kwapadera ndipo sichiikidwa pa chilonda chokhala ndi mafinya ambiri kapena pa mwendo wosayenda bwino magazi.

Chilonda chikapola, ngozi imakhala isanathe. Nkhani ya mu 2017 ija inawerengera kuti pafupifupi 40 mwa odwala 100 alionse amatulukanso chilonda chaka chisanathe, ndipo pafupifupi 60 pasanathe zaka zitatu. Khungu latsopano limakhala lopyapyala ndipo mwendo umakhala utafooka, pamene wodwala, atatopa ndi miyezi yokhala pansi, amafuna kubwerera kuntchito nthawi yomweyo. Masabata oyamba chikhakha chitachotsedwa ndi amene kuwerenga masitepe kumapindulitsa kuposa nthawi ina iliyonse.

Kodi amene anadulidwa kale ali ndi chifukwa chowerengera masitepe?

Ali nacho chachikulu, chifukwa phazi lotsalalo lili ndi matenda omwewo ndipo tsopano likusenza katundu wa awiri, makamaka pamene munthu akudumpha ndi ndodo kapena akutsika pabedi usiku osavala mwendo wochita kupanga. Ngakhale kudulidwa chala chimodzi kumasintha mapondedwe n'kusamutsira kulemera kwa thupi pa malo atsopano. Bungwe la ku Scotland la 500 miles, limene anayambitsa Olivia Giles, linakhazikitsa pa chipatala cha Kamuzu Central malo opangira miyendo ndi zothandizira kuyenda, ndipo wolandira mwendo wotere amafunika kulemba maola amene wauvala ndi kuyang'ana khungu la chitsa cha mwendo mofanana ndi phazi.

Kodi zolembedwazi zimathandiza bwanji ku kiliniki, ndipo ndi liti pamene wodwala sayenera kudikira tsiku lake?

Pa kiliniki yodzaza, pamene dokotala ali ndi mphindi zochepa pa munthu aliyense, funso lakuti wodwala amayenda motani limayankhidwa ndi mawu akuti "pang'ono" kapena "kwambiri", omwe sauza dokotala kanthu. Tsamba limodzi losonyeza masitepe a tsiku wamba, tsiku lochuluka kwambiri ndi chifukwa chake, maola oimirira ndi nsapato zimene zinavalidwa, litapanikizidwa m'kabuku ka kuchipatala, limalola dokotala kapena wa fizo kupereka malangizo ogwirizana ndi moyo wa munthuyo. Wodwala amene amavula nsapato ndi sokosi asanauzidwe amaonjezeranso mwayi woti phazi lake liyezedwe. Ku Tanzania, pulogalamu ya Step by Step imene Zulfiqarali Abbas wa ku Dar es Salaam anathandiza kuyambitsa mu 2003 inatsamira pa zinthu zosavuta zoterezi, zophunzitsa madokotala ndi anamwino kuyeza phazi, kupala khungu lokhuthala ndi kulangiza odwala.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kope kapena kudikira tsiku lolembedwa. Thuza, mng'alu wotuluka magazi, chilonda chilichonse ngakhale chisakuwawa, fungo, mafinya, chala chosintha mtundu, phazi lozizira ndi lowawa munthu atagona, kapena kutentha thupi pamodzi ndi kutupa kwa phazi, zonsezi zimafuna kuti wodwala asiye kupondera phazilo ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba wadula khungu ndi lezala kapena kuviika phazi m'madzi otentha. Phazi lotupa ndi lotentha popanda chilonda nalonso n'loopsa, chifukwa lingakhale chiyambi cha vuto lotchedwa phazi la Charcot, momwe mafupa a phazi losamva amafewa n'kumasweka munthu akuyendabe, ndipo kawirikawiri vutoli limasokonezedwa ndi kubinya kapena nyamakazi, wodwala n'kubwezedwa kunyumba ndi mankhwala opha ululu pamene chofunika chinali X-ray ndi chikhakha.